THONJE, NZIMBE NDI SIKELO YA MALONDA A DZIKO

Mau amene analankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe

Pa tsiku lachiwiri la Msonkhano wa Pachaka, mapemphero atatha, ndiponso Msungichuma atawerenga za ndalama za Bungwe, Apampando anaitana mlendo kuti alankhule. Mlendoyo ndi bambo wachikulire, mbadwa ya m'Chigwa chino, amene anagwira nchito ya ukalaliki pa zipata za kasitomu zaka zambiri kufikira anapuma. Komiti inawapempha kuti adzayankhe funso limene mamembala akhala akufunsa pa misonkhano ya nthambi ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje, ndilo ili: Nanga dziko lisowa bwanji ndalama zakunja zogulira mafuta, fetereza ndi mankhwala a m'chipatala, pamene malole a shuga ndi thonje akwera phiri la Thabwa chaka ndi chaka? Mau ao alembedwa pano kuti amene sanafike pa Msonkhano awawerenge.

1. Sikelo ya dziko

Atapereka ulemu kwa Apampando, mafumu, abambo ndi amai onse, mlendoyo anayamba ndi chinthu chimene mlimi ali yense achidziwa, ndicho sikelo ya pa msika wa thonje. Iwo anati dziko nalonso liri ndi sikelo yake. Ku mbale imodzi kuikidwa mtengo wa katundu yense amene dziko lagulitsa kunja pa chaka, ndipo ku mbale inayo kuikidwa mtengo wa katundu yense amene dziko lagula kunja. Sikelo imeneyi siyesa kulemera kwa matumba, iyesa ndalama. Lole lodzala ndi mabelo a thonje lingathe kupepuka pamaso pa bokosi limodzi la zitsulo za makina.

M'zaka za 2022 ndi 2023 dziko la Malawi linagulitsa kunja katundu wa pafupifupi madola 1 biliyoni a ku America pa chaka, koma linagula katundu wa pafupifupi madola 3 biliyoni. Pa zogulitsazo fodya yekha anali pafupifupi theka, ndipo zotsalazo zinali tiyi, shuga, mbeu za mtundu wa nyemba, mtedza ndi thonje. Pa zogulazo zazikulu zinali mafuta a galimoto, fetereza, mankhwala, makina ndi magalimoto. Mpata wa pakatiwo utsekedwa ndi thandizo la maiko ena, ngongole, ndiponso ndalama zimene ana a dziko lino atumiza kuchokera ku Joni ndi kwina kumene agwira nchito. Zimenezi zikachepa, malo omwetsera mafuta auma, ndipo wodwala abwerera kuchipatala ndi kapepala m'manja m'malo mwa mankhwala.

Tsono mlendoyo anaturutsa malaya m'chikwama chao nawakweza kuti onse awaone. Anati anawagula pa kaunjika ku Nchalo, ndipo pa khosi pake panalembedwa kuti anasokedwa ku Bangladesh. Malaya otere, iwo anati, sapangidwa ndi dziko limodzi masiku ano. Thonje lake lilimidwa kwina, lipotedwa kwina, nsaru iombedwa ndi kunyikidwa utoto kwina, asokedwa kwina, nagulitsidwa m'sitolo ya ku Ulaya. Ndipo mwini atatopa nao abwera kuno m'belo. Nchitoyo iri ngati makwerero, ndipo pa khwerero liri lonse mtengo ukwera. Chimene chiweruza sikelo ya dziko ndicho ichi: kodi ndi makwerero angati amene akweredwa m'dziko momwemo, ndipo ndi angati amene asiyidwira anthu a kwina?

2. Thonje la m'Chigwa

Mlendoyo anakumbutsa mamembala kuti Chigwa chino chinali ndi makwerero onse kale. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja alikulima thonje la mitundu iwiri, la makolo lochedwa thonje kaja ndi lochokera kwina lochedwa thonje manga. Anthu omwewo anali kuchotsa njere, kupota ndi kuomba nsaru zao zolimba, zimene anali kusinthanitsa ndi makasu a kumapiri. Munda, chopotera ndi choombera zonse zinali pamudzi.

Nsaru za pa makina zochokera kunja zitachuruka, nchito ya kuomba inafa pang'ono pang'ono. Nthawi yomweyo eni mafakitale a ku Lancashire, amene anaona njala ya thonje pa nkhondo ya ku America ya 1861 kufikira 1865, anali kufuna minda ina. M'chaka cha 1902 anakhazika ku Manchester bungwe la British Cotton Growing Association, ndipo m'chaka cha 1923 Boma la Nyasaland linapangana nalo kuti lokha ndilo lidzigula thonje la alimi a m'midzi. Kuyambira pamenepo Chigwa chinatsala ndi khwerero loyamba lokha. Mlimi wa kwa Tengani kapena wa kwa Lundu anali kugulitsa thonje, kulipira msonkho, ndi kugula nsaru ya ku Manchester ndi ndalama zotsalazo. Malonda a dziko lonse lapansi atagwa m'chaka cha 1929, mtengo wa thonje unagwa kufikira pa msika wa Chiromo, ngakhale mlimi sanalakwe kanthu. Pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, madzi a Nyanja anakwera, Shire anasefukira namiza madimba ambiri, ndipo amuna ochuruka anasiya khasu napita kukagwira nchito ku Rhodesia ndi ku minda ya nzimbe ya ku Zambezi.

Dziko litalandira ufulu linayesa kubweza makwerero otayikawo. M'chaka cha 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba kupota ndi kuomba ku Blantyre, ndipo amai ambiri akumbukira chitenje chake. Malonda atatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsaru zotsika mtengo za ku Asia ndi kaunjika zinalowa mochuruka, fakitaleyo inafooka, ndipo m'chaka cha 2003 inagulitsidwa kwa eni ena. Kuyambira masiku amenewo mbali yaikulu kwambiri ya thonje la dziko lino yakhala ikuturuka litangochotsedwa njere.

Apa mlendoyo anafotokoza chinthu chimene ambiri sanachimvepo. M'chaka cha 2000 dziko la America linaika lamulo lochedwa AGOA, lolola zobvala zosokedwa m'maiko ena a mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho, ndipo linalola maiko osauka kusoka ndi nsaru yochokera kuli konse. Mafakitale osoka a ku Blantyre anayamba kutumiza zobvala ku America, koma nsaru, ulusi ndi mabatani zinali kuchokera ku Asia. Kotero pa mseu umodzi womwewo thonje la ku Ngabu linali kuturuka, nsaru ya ku Asia inali kulowa. M'buku la kasitomu munalembedwa kuti dziko lagulitsa zobvala za ndalama zambiri, koma chotsalira m'dziko chinali malipiro a osoka ndi zina zochepa. Malamulo amene anali kuchepetsa zobvala za ku China pa misika ya Azungu atatha m'mwezi wa January 2005, ogula ambiri anatembenukira komweko, ndipo nchitoyo inachepa. Iwo anati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kudziwa phindu la katundu woturuka achotsepo poyamba mtengo wa zinthu zakunja zimene ziri m'kati mwake.

3. Nzimbe za ku Nchalo

Za shuga mlendoyo anati nkhani yake ndi yosiyana, pakuti apa makwerero ambiri ali m'Chigwa momwemuno. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya Nchalo m'chaka cha 1965 pa dzina la SUCOMA, ndipo shuga woyamba anaturuka mu 1966. Mu 1997 mindayo inapita m'manja mwa Illovo ya ku South Africa, ndipo Illovo nayonso inagulidwa ndi Associated British Foods ya ku London, theka ndi pang'ono mu 2006, yonse mu 2016. Nzimbe zilimidwa kuno, zifinyidwa kuno, shuga ayeretsedwa ndi kuikidwa m'mapaketi kuno. Madzi akuda otsala pophika shuga apita ku fakitale ya PressCane ku Chikwawa konkuno, imene inayamba mu 2004, ndipo asanduka spiriti wosakaniza ndi petulo. Lita iri yonse ya spiriti ameneyu ichepetsa petulo wogula kunja. Chifukwa chake katundu amene sanaturuke konse m'dziko angathe kuthandiza sikelo monga momwe athandizira katundu woturuka.

Koma iwo anachenjeza kuti m'thumba la shuga mulinso zakunja zobisika: fetereza wa m'munda, dizilo wa mathirakitala ndi malole, mankhwala, mapaipi ndi zitsulo za makina. Ndiponso mbali ya phindu ipita kwa eni masheya a kunja, monga kuyenera kwa amene anaikapo chuma chao. Ndalama zimenezi sizilembedwa m'buku la katundu, koma zituruka m'thumba lomwelo la ndalama zakunja.

Chachiwiri, mtengo wa shuga uweruzidwa ndi malamulo a maiko akutali. Pa pangano la Lomé la 1975, maiko a ku Ulaya analonjeza kugula muyeso wakuti wa shuga wa maiko ena a mu Africa, a ku Caribbean ndi a ku Pacific pa mtengo woposa wa msika wa dziko lonse, ndipo Malawi anali nalo gawo. Pakati pa 2006 ndi 2009 mtengowo unadulidwa ndi magawo 36 pa 100, ndipo mu September 2017 Ulaya anachotsa malire pa shuga amene alimi ake omwe apanga kuchokera ku mbeu ya beet. Nzimbe za ku Nchalo sizinasinthe kukoma, koma msikawo unaleka kupindulitsa monga kale, ndipo panafunika kufunafuna ogula m'maiko oyandikana. Zofanana ndi izi zinaoneka pa nandolo: mu August 2017 dziko la India linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa kumeneko, ndipo alimi a dziko lino anatsala ndi matumba osowa ogula, kufikira mu 2021 pamene maboma awiriwa anapangana za matani 50,000 pa chaka. Dziko logulitsa mbeu zowerengeka kwa ogula owerengeka lifanana ndi munthu wolima ndi khasu lobwereka: mwini akalifuna, nchito iima.

4. Njira ya ku nyanja yamchere

Chinthu chachitatu ndicho mtunda. Dziko lino liribe gombe la nyanja yamchere, ndipo mtengo wonyamulira uluma mbali zonse ziwiri: uchotsedwa pa mtengo wa thonje loturuka, ndipo uonjezedwa pa mtengo wa fetereza wolowa. Mlendoyo anati palibe anthu oyenera kumvetsa zimenezi kuposa a m'Chigwa, pakuti kale khomo la dziko linali pano. Sitima za pamadzi zinali kufika ku Chiromo ndi ku Port Herald, ndiko ku Nsanje lero. Njanji ya Port Herald kufika ku Blantyre inatha mu 1908, inafika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi mu 1915, ndipo mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana, wa makilomita oposa atatu ndi theka, unalumikiza dziko lino ndi doko la Beira. Ngongole za njanjizo zinalemera pa chuma cha Nyasaland zaka zambiri, komabe katundu anali kuyenda.

Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya Beira ndi ya Nacala m'zaka zoyamba za m'ma 1980, ndipo katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira pa malole kufikira ku Durban. Mtendere unabwera mu 1992, koma mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje zinatsala kuseri. Mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, kuti katundu adziyenda pa Shire ndi Zambezi kufikira ku nyanja yamchere. Boma la Mozambique silinalole, linati payambe pafufuzidwa bwino za mitsinjeyo, ndipo bwato loyamba la fetereza linaimitsidwa panjira. Phunziro lake, iwo anati, ndi lakuti njira yodutsa pa bwalo la mnansi iyamba ndi kugwirizana ndi mnansiyo, simenti ibwera pambuyo. Anaonjeza kuti ndalama zambiri zonyamulira katundu zilipiridwa kwa eni malole ndi eni sitima a maiko ena, kotero kuti ngakhale ulendo weniweniwo ndi chinthu chimene dziko ligula kunja.

Pamodzi ndi njira anatchula magetsi. Namondwe wochedwa Ana, mu January 2022, anaononga damu la Kapichira m'boma lino la Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mafakitale anayatsa majenereta a dizilo wogula kunja, ena anachepetsa nchito. Namondwe Freddy, mu March 2023, anamizanso minda ndi kudula miseu. Wogula wa kutali amene alonjezedwa katundu mwezi wakuti sadikira kuti madzi aphwe. Apita kwa wina.

5. Kodi kutsitsa Kwacha sikuchiza?

Mlendoyo anati akatswiri ena aphunzitsa kuti ndalama ya dziko ikatsitsidwa mphamvu, katundu wake atsika mtengo kwa ogula akunja, zogula kunja zikwera mtengo, ndipo sikelo iwongoka yokha. Kwacha inatsitsidwa mu May 2012, inatsitsidwanso ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Koma mbale ya zogula inakhalabe pansi. Chifukwa chake nchosabvuta kumva. Mlimi wa thonje afuna mbeu ndi mankhwala opopera, mwini fakitale afuna zitsulo ndi dizilo, ndipo zambiri mwa zimenezi zichokera kunja, kotero kuti mtengo wa kulima ukwera pamodzi ndi mtengo wogulitsira. Ndiponso mafuta ndi mankhwala a odwala sizinthu zoti dziko lingaleke kugula chifukwa zadula. Kutsitsa Kwacha kungathe kuchotsa bodza pa mtengo wa ndalama, koma sikuomba nsaru ngakhale mkono umodzi, ndipo sikumanga mlatho wa Chiromo.

6. Zimene mamembala angachite

Pomaliza iwo anati asanene wina kuti zinthu izi nza Boma lokha. Anatchula zinai zimene ziri m'manja mwa anthu a m'Chigwa.

Choyamba, kusamala thonje. Thonje lothyoledwa loyera, losankhidwa bwino, losathiridwa madzi kapena mchenga, ndiponso losasungidwa m'matumba a pulasitiki amene ulusi wake uononga makina opotera, ndilo limene lisunga dzina la dziko pa msika. Wonyenga sikelo ya pamudzi apepula sikelo ya dziko.

Chachiwiri, kusataya khwerero limene liri pafupi. Pa thonje lochokera kumunda, ubweya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono. Zotsalazo ndi njere, ndipo m'njeremo muli mafuta ndi chakudya cha ng'ombe. Chigwa chimene chiri ndi ng'ombe zambiri chotere sichiyenera kuona njere ngati zinyalala, pamene dziko ligula mafuta ophikira kunja.

Chachitatu, kugwirizana. Alimi a nzimbe a Kasinthula, ndi a Phata amene anaphatikiza minda yao mu 2011, aonetsa kuti anthu a m'midzi angathe kulowa m'malonda akulu ngati ali pamodzi, ndi mabuku olembedwa bwino ndi atsogoleri oyankha kwa anthu ao. Mutu umodzi susenza denga. Ngalande yaikulu yothirira imene inayamba kukumbidwa kuchokera ku Kapichira idzafuna magulu otere. Ndipo mamembala afunse msanga kuti mbeu za m'minda imeneyo zidzagulitsidwa kwa yani, ndiponso zidzakonzedwera kuti.

Chachinai, kufunsa aphungu ndi makhansala za njanji, milatho ndi magetsi, osati pa nthawi ya chisankho yokha ai, koma chaka ndi chaka, ndi makalata olembedwa m'dzina la Bungwe.

Mafunso

Mai wina wa nthambi ya Bangula, amene achita malonda a kaunjika, anafunsa ngati mlendoyo afuna kuti malonda ao aletsedwe, pakuti ndimo mumene apezera fizi ya ana. Mlendoyo anayankha kuti, Iai, mai. Kuletsa kaunjika fakitale isanakonzeke kungangobvula osauka. Anati chofunika ndicho kuyamba ndi zobvala zimene msika wake uli wotsimikizika m'dziko momwemuno, monga mayunifomu a ana a sukulu, a apolisi ndi a anamwino, kuti zidzisokedwa ndi nsaru ya thonje la kuno, ndipo makwerero enawo adzatsata.

Mphunzitsi wina wa ku Ngabu anafunsa ngati kugula kunja koposa kugulitsa kuli koipa nthawi zonse. Mlendoyo anati sikuli koipa nthawi zonse. Munthu wokongola ndalama nagula ng'ombe zolimira asiyana ndi wokongola nagula mowa. Dziko likagula makina opotera, mapampu ndi zitsulo za njanji, mbale ya zogula ilemera lero kuti inzake idzalemere mawa. Choopsa ndicho kukongola chaka ndi chaka pogula zinthu zimene zitha tsiku lomwelo.

Mfumu ina ya m'dera la Nsanje inafunsa kuti, ngati thonje silipindulitsa, bwanji anthu asaleke kulima nalimbika pa mapira ndi chitowe. Mlendoyo anabvomera kuti nkhokwe ya chakudya iyenera kudzala poyamba, ndipo kuti kulima mbeu zamitundumitundu ndi nzeru. Koma anati chitowe choturuka m'matumba chosayengedwa chiri pa khwerero lomwelo limene thonje liripo, ndipo kusintha mbeu popanda kusintha khwerero kudzabweza anthu pa funso lomweli.

Kutseka

Apampando anathokoza mlendoyo chifukwa cha mau ao omveka, ndipo Msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri: kuti Komiti ilembe kalata kwa aphungu a Chikwawa ndi Nsanje yofunsa za njanji ya Marka, Bangula ndi Chiromo; ndi kuti nthambi iri yonse isankhe anthu awiri odzalemba mitengo imene alimi alandira pa thonje, nandolo ndi chitowe, pamodzi ndi mitengo ya mbeu ndi mankhwala, kuti zidzawerengedwe pa Msonkhano wa chaka chamawa. Malaya a pa kaunjika aja mlendoyo anawapereka kwa Komiti, ndipo asungidwa mu ofesi ya Bungwe pamodzi ndi mabuku.